Kamwana ka Pusi Kakadzakula

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane nkhani imene ena angaiyese yachibwana, koma ife taiona ikugwetsa misozi m'mabanja. Anatibweretsera nkhaniyi ndi mayi wina amene anatiimitsa panjira tsiku lina madzulo. Iwo anati pochokera kunyanja ndi banja lawo, basi itaima pamalo ena, mnyamata anafika pazenera atabisa kamwana ka pusi m'malaya, nakatsatsa pa mtengo wosapitirira wa nkhuku ziwiri. Bambo a m'nyumbamo anakana kugula. Ana analira njira yonse, ndipo kufikira lero mlanduwo sunathe pakhomopo.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, "kodi cholakwika n'chiyani? Suja timaweta agalu ndi amphaka? Ndiponso kanyamako kanali kowonda, komvetsa chisoni. Tikadakagula bwenzi titakapulumutsa."

Funso limeneli lachokera mu mtima wachifundo, ndipo sitilipeputsa. Komabe yankho lathu ndi lakuti bambowo anachita bwino. Tikunena molimba mtima chotere chifukwa ifenso tinagwapo m'mbuna yomweyi, ndipo n'koyenera kuti tiulule zathu poyamba tisanaloze chala ena.

Titangoyamba kumene ntchito ya uphunzitsi, tinali pa sukulu ina ya kumudzi m'tsinde mwa phiri. M'mawa wina nyengo ya dzinja, mnyamata wa Sitandade 5 analowa m'kalasi ndi kanthu kakusuntha m'thumba lake la mabuku. Kanali kapusi kakang'ono, kankhope kofiirira, kamakutu aakulu, kosakwanira ndi m'manja awiri omwe. Pofunsa tinamva kuti dzulo lake apusi anatsikira m'munda wa chimanga, agalu anawathamangitsa, ndipo anagwira mmodzi wamkazi. Atamupha anapeza mwana adakakakamira pamimba pa mtembowo. Tinamlanda mnyamatayo kanyamako poopa kuti ana akazunza, ndipo poweruka tinapita nako kunyumba, tikudziona ngati tachita ntchito yabwino.

Amayi a kunyumba kwathu anakalera ngati khanda. Ankakamwetsa mkaka ndi kasupuni, pambuyo pake phala, kenaka nthochi ndi mapapaya. Usiku kankalira kufikira titakapatsa chinsanza cha thaulo, chimene kankachikumbatira kugona nacho. Ana athu anakasokera kakabudula, ndipo dzina linachokera pomwepo: Kabudula. Tikakhala pakhonde kuchonga makope, iye ankakwera paphewa nayamba kutifufuza m'tsitsi ndi tizala take mwachidwi. Anthu odutsa ankaima kuonerera. Sitinama, zaka ziwiri zoyambazo zinali zosangalatsa, ndipo munthu akadatiuza nthawi imeneyo kuti tikulakwa tikadamuyesa wansanje.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Kabudula anaphunzira kuvundukula miphika. Anadziwa pamene nkhuku zimaikira, ndipo mazira anasowa pakhomo pathu ndi pa aneba pomwe. Tsiku lina tinapeza makope a ana a Sitandade 8, amene anali pafupi kulemba mayeso, atang'ambidwa mbwee pabalaza, ufa utamwazika m'khitchini. Madandaulo atachuluka tinamumanga ndi chingwe ku mtengo wa mango. Anachimasula. Tinamanga mfundo ina, anachitafuna. Potsiriza tinagula unyolo, tinamumanga m'chiuno.

Apa m'pamene timachita manyazi tikakumbukira. Nyama imene inalengedwa kuti izilumpha mitengo tsiku lonse inakhala m'bwalo la mapazi ochepa, dzuwa ndi mvula. Unyolo unadya ubweya, kenaka khungu. Iye ankayenda uku ndi uku mosalekeza kufikira anakumba kanjira pansi, ndipo nthawi zina ankangokhala akudzigwedeza, akuzula ubweya wa mchira wake. Ana a m'njira ankamugenda kuti aone mmene amakwiyira. Ife tinkaona zonsezi tsiku ndi tsiku, koma tinkadzitonthoza ponena kuti chakudya sasowa.

M'chaka chake chachisanu, mwana wathu wamkazi wamng'ono, amene anakulira naye limodzi, anapita kukatola nthochi imene inagwa pafupi ndi mtengowo. Kabudula anamulumphira namuluma pamkono, mano kulowa mpaka mkati. Tinamubereka mwanayo mtunda wautali kupita kuchipatala, kumene anamusoka ndi kumuyamba jakisoni. Titabwerako, ndi mkwiyo ndi mantha, tinakwera naye pusiyo kuphiri, tinamasula unyolo, n'kumusiya. Tinati tamubwezera kwawo. Patapita masiku atatu tinamva kuti agalu a mudzi wa kutsidya apha pusi wachilendo amene analowa m'khitchini mwa munthu masanasana, osaopa kanthu. Anali ndi chipsera chozungulira m'chiuno.

Kodi chinalakwika chinali chiyani? Kwa zaka zambiri tinkati pusiyo anali wosayamika. Lero tikudziwa kuti iye anangochita zimene pusi aliyense wamwamuna amachita akakula. Apusi amakhala m'magulu, kawirikawiri a nyama khumi kufikira makumi angapo, ndipo m'gulumo muli akulu ndi aang'ono, oopedwa ndi oopa. Aakazi amakhala m'gulu lobadwira moyo wawo wonse, koma aamuna akafika zaka zisanu kapena kuyandikira pamenepo amachoka kukafuna gulu lina, kumene amapeza malo awo mwa kuopseza ndi kulimbana. Nthawi yomweyo mano awo a m'mbali amakhala atatalika ndi kuthwa. Tsono pusi woleredwa pakhomo gulu lake ndi banja lanu. Akafuna kukwera udindo sayamba ndi bambo; amayamba ndi wofooka, ndiye kuti mwana. Sikuti ndi nkhanza kapena kuiwala zabwino. Ndi chibadwa, ndipo phala silichichotsa. Pa nyani nkhaniyi ndi yoopsa koposa, pakuti nyani wamwamuna wamkulu agalu omwe amamuopa.

Pamenepa tiyankhe mawu aja akuti suja timaweta agalu. Pali kusiyana pakati pa chiweto ndi nyama yozolowera munthu. Galu wakhala ndi anthu zaka zosachepera 15,000, mbuzi ndi nkhosa zaka pafupifupi 10,000. M'mibadwo yosawerengeka imeneyi anthu ankasunga zofatsa kuti ziswane, zolusa n'kuzichotsa, kufikira mtundu wonse unasintha. Mwana wa galu amabadwa ali wokonzeka kale kumvera munthu. Mwana wa pusi, wa gwape, wa njuzi kapena wa nungu amabadwa ali wa kutchire monga makolo ake. Amakukakamirani ali wakhanda chifukwa khanda lililonse limakakamira chimene chikulipatsa mkaka ndi kufunda. Ife timayesa chikondi chosatha, pamene ndi ukhanda chabe, ndipo ukhanda umatha. Ntchito ya zaka zikwizikwi munthu sangaigwire pakhonde pake m'zaka zisanu.

Chimene chimatipweteka koposa, ife monga aphunzitsi, ndi maphunziro amene tinamumana Kabudula. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, akatswiri otchedwa Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anatsata apusi a mtundu womwewu, ndipo mu 1980 anafalitsa zimene anapeza. Apusi ali ndi kulira kosiyanasiyana kochenjezana. Wina akaona nyalugwe amalira mwa mtundu wina, ndipo onse amathawira m'mitengo. Akaona chiwombankhanga kulira kumasintha, ndipo amayang'ana kumwamba kapena kulowa m'zitsamba. Akaona njoka amalira mwinanso, ndipo amaimirira ndi miyendo iwiri kuyang'ana m'udzu. Ana a apusi amaphonya poyamba, monga ana athu a Sitandade 1: amatha kuchenjeza za chiwombankhanga ataona mbalame wamba. Amawongokera pamene akukula pakati pa akuluakulu. Momwemonso amaphunzirira zipatso zodyedwa, kumene kuli madzi chilimwe, mtengo wogonamo, ndi ulemu woyenera kwa wamkulu m'gulu. Kabudula wathu sanalowepo m'kalasi imeneyi ngakhale tsiku limodzi. Iye ankadziwa kuti chakudya chimapezeka m'mphika ndi kuti galu ndi mnzake wa pakhomo. Pomusiya kuphiri kuja tinali ngati munthu wotenga mwana wosadziwa a, e, i, n'kumukhazika m'chipinda cha mayeso.

Nanga mawu aja akuti tikadakagula tikadakapulumutsa? Taganizani bwino, amayi. Pusi wamkazi sapereka mwana wake mwaufulu, ndipo samutaya panjira. Kamwana kalikonse kamene mukaona m'manja mwa wogulitsa, dziwani kuti kawirikawiri mayi wake anaphedwa. Mnyamata wa pa basi uja akagulitsa lero, waphunzira kuti malondawa ali ndi phindu, ndipo mawa abwerera kuthengo ndi agalu ake. Ndalama yanu yachifundo ija yasanduka chikole cha imfa ya pusi wina. Akabwerera kwawo kangapo osagulitsa, adzaleka yekha.

Achinyamata ambiri masiku ano chilakolako chimenechi amachitenga m'mafoni. Amaona munthu wa kunja akugona ndi mkango pabedi, wina akusambitsa kanyani kovala diresi, ndipo amati n'zotheka. Kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wojambula amakuonetsani mphindi imodzi yokoma, osati zaka makumi awiri za unyolo, pakuti pusi wosungidwa angathe kukhala ndi moyo zaka zoposa 20.

Nkhani yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi ya mkango wotchedwa Christian. Mu 1969 anyamata awiri a ku Australia, John Rendall ndi Anthony Bourke, anaugula uli waung'ono m'sitolo yaikulu ya Harrods ku London, nakhala nawo pamalo pamene ankagulitsa mipando. Pasanathe chaka anaona kuti ukukula moti sangathe kuusunga, ndipo mu 1970 anapita nawo ku Kenya kwa George Adamson, amene anali ndi luso lozoloweretsanso mikango moyo wa kutchire. Mu 1971 atapita kukauona, mkangowo unawazindikira, unawathamangira n'kuwakumbatira. Kanema wa tsiku limenelo waonedwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo ambiri amati umenewu ndi umboni wakuti chilombo chingathe kuwetedwa. Ife tikuona umboni wa zosiyana. Anyamatawo anaukonda mkango wawo mokwanira kuti ausiye, ndipo anali ndi mwayi wosowa wopeza katswiri ndi thengo lalikulu. Mu 1976 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa kusunga nyama zoopsa popanda chilolezo.

Ena mwayi umenewo sanakhale nawo. Mlimi wina wa ku Free State m'dziko la South Africa analera mvuu kuyambira ili yaing'ono, ankaidyetsa pamanja, ankakwera pamsana pake m'madzi, ndipo ankauza anthu kuti ili ngati mwana wake. Anthu anamuchenjeza. Mu 2011 mvuu yomweyo inamupha mu mtsinje wa Vaal. Ife a kuno amene tikudziwa mvuu za mu Shire sitikusowa kutanthauziridwa.

Palinso za matenda, zimene ife m'masiku a Kabudula sitinkaziganizira n'komwe. Chiwewe kuno chimabwera makamaka ndi agalu, koma nyama iliyonse yoyamwitsa ingathe kuchitenga, ndipo zizindikiro zikangooneka pa munthu, kuchira kulibe. Galu mungathe kumubayitsa katemera chaka ndi chaka. Nanga kanyama kogula pazenera la basi mukudziwa kumene kadutsa? Apusi ndi anyani matupi awo amafanana ndi athu kwambiri, kotero kuti timapatsirana nawo matenda mosavuta, monga chifuwa chachikulu ndi matenda a m'mimba, ife kwa iwo ndi iwo kwa ife. Mu 1967 apusi ochokera ku Uganda anatumizidwa ku Ulaya kukagwiritsidwa ntchito pa zofufuza za mankhwala, ndipo mu mzinda wa Marburg ku Germany, ndi ku Frankfurt ndi Belgrade, anthu 31 anadwala nthenda yachilendo, 7 namwalira. Nthendayo ikudziwika ndi dzina la Marburg kufikira lero. Mu 2003 ku America anthu makumi angapo anadwala mpox kudzera mu tinyama toweta timene tinasungidwa pamodzi ndi makoswe a kutchire ochokera ku Ghana, ena mwa iwo a mtundu wa bwampini. Tsono mwana akalumidwa kapena kukalidwa ndi nyama yotere, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone mmene kuchere.

Lamulo la dziko nalonso silili chete. Pansi pa lamulo la malo osungira nyama ndi nyama za kutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, kugula, kugulitsa kapena kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Pa nyama zina, monga ngaka, chilango chingathe kufika zaka 30 m'ndende. Tikutchula ngaka mwadala, chifukwa anyamata ena amanyengedwa kuti aisunge m'thumba masiku angapo podikira wogula. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo m'manja mwa munthu imafooka msanga. Mnyamatayo amatsala ndi nyama yakufa ndi mlandu wamoyo.

Wina anatifunsa kuti, kodi m'buku la Genesis munthu sanapatsidwe ulamuliro pa zamoyo zonse? Inde anapatsidwa. Koma amene awerenga Yobu 39 ndi Salmo 104 adzaona kuti Malembo omwewo amakondwera ndi nyama za kuthengo zili kwawo, chilichonse pamalo pake ndi chakudya chake, zosadalira khola la munthu. Mfumu imalamulira mudzi wonse, koma siisonkhanitsa anthu ake kuwamanga pa mtengo wa pabwalo pake.

Tsono tichite chiyani tikakumana ndi kanyama kotere? Choyamba titchule gwape, chifukwa ambiri amalakwa mosadziwa. Ana opita kukatola nkhuni amapeza kamwana ka gwape kali phee m'udzu, nayesa kamasiye. Ayi ndithu. Gwape amabisa mwana wake dala, napita kukadya, n'kumabwera kudzayamwitsa. Uzani ana anu kuti akapeza kotere asakakhudze, achokepo mwakachetechete. Chimodzimodzi tiana ta mbalame timene tangoyamba kuphunzira kuuluka. Makolo ake amakhala ali pafupi.

Koma ngati nyamayo ndi yamasiye zenizeni, kapena yavulala, kapena ngati muli nayo kale pakhomo monga tinalili ife, musachite zimene tinachita ife zokaitaya kuphiri. Dziwitsani a Nthambi ya boma yoona za nyama za kutchire, kapena a Lilongwe Wildlife Centre, malo amene ali m'kati mwa mzinda wa Lilongwe olandira nyama zamasiye, zovulala ndi zolandidwa kwa ogulitsa. Kumeneko pusi amapimidwa matenda poyamba, kenaka amaphatikizidwa pang'onopang'ono ndi anzake kufikira atapanga gulu, ndipo magulu ena okonzeka akhala akutulutsidwa m'nkhalango zotetezedwa monga ya Kasungu, anthu akuwatsata kuona mmene akukhalira. Ntchitoyi imatenga miyezi yambiri, mwina zaka, ndipo ena amene anakhalitsa pa unyolo sabwereranso kuthengo. Komabe ngakhale otere amatsiriza moyo wawo pakati pa apusi anzawo. M'masiku a Kabudula malo amenewa kunalibe. Inu a lero muli nako kolowera.

Kwa ana amene analira m'basi muja tili ndi mawu osiyana. Mtima wanu wokonda nyama ndi wabwino, ndipo makolo asauzime ndi ukali. Mwana wotere mupatseni akalulu oweta, nkhunda, mbira kapena kagalu, ndipo ntchito yodyetsa ndi kusesa khola ikhale yake, tsiku lokonda ndi tsiku la ulesi lomwe. Pamenepo m'pamene padzadziwika ngati amakonda nyama kapena amangofuna choseweretsa. M'sukulu zambiri muli makalabu a zachilengedwe, mulowetseni. Ngati thumba lilola, banja lisunge pang'onopang'ono ndi kupita ku Liwonde, ku Lengwe, ku Kasungu kapena ku Nyika. Ife tinatengapo ana a sukulu ulendo wotere, ndipo tinakhala ola lathunthu pansi pa mtengo tikuonerera gulu la apusi. Amayi ankapesa ana awo, tiana tinkagwetsana m'nthambi, ndipo wamkulu wina anali pamwamba maso ali kutali. Mwadzidzidzi iye analira kamodzi, ndipo onse anazimirira m'masamba ngati sanalipo. Ana a sukulu anaomba m'manja. Ife tinakhala chete, pakuti m'zaka zisanu zonse zimene tinakhala ndi pusi pakhomo sitinaonepo chinthu chotere.

Mwana wathu uja lero ndi mayi wa ana atatu. Chipsera chidakalipo pamkono, ndipo adzukulu athu akafunsa, iye amawauza kuti akafunse agogo. Chaka chatha tinadutsa pa sukulu yakale ija. Nyumba ya aphunzitsi anaigwetsa n'kumanga ina, koma mtengo wa mango udakaima, ndipo m'munsi mwa thunthu lake khungwa linakula mokwirira pamene pankadutsa unyolo.